Lipoti la nkhani: mtsikana wa zaka 10 wonenepa kwambiri amene ankamwa ma synbiotic

Ndimagwira ntchito yoona za kadyedwe ka ana pa chipatala china chaching'ono kuno ku Blantyre. Kwa zaka zambiri ana amene ndakhala ndikuwaona ndi owonda, otupikana ndi opinimbira, ofunika chiponde ndi likuni phala. Masiku ano pa benchi lomwelo pamakhalanso ana olemera kuposa msinkhu wawo, ndipo ena makolo awo amabwera atagula kale mankhwala paokha. Nkhani iyi ndi ya mmodzi wa ana oterowo. Mayi ake anavomera kuti ndiilembe, ndipo ndasiya dzina lake, sukulu yake ndi dera limene amakhala.

Chimene chinawabweretsa

Anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayu anali ndi zaka 10, ali mu sitandade 5. Anakhala pampando ataweramitsa mutu, mayi ake ndi amene ankalankhula. Dandaulo loyamba silinali kunenepa ayi. Linali khosi.

"Adokotala, ndamukwecha khosili mpaka kulira, koma litsiro lake silikuchoka."

Kenaka ananena zina. Mwanayo ankadzimbidwa, kuchimbudzi ankapita kawiri kokha pa sabata, movutikira. Akakwera kachitunda kopita kunyumba ankapuma wefuwefu. Kusukulu anzake ankamutcha mayina, moti nthawi ya buleki sankatulukanso m'kalasi. Pomaliza mayiwo anapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo la makapisozi limene anagula kwa munthu wina wotsatsa malonda pa WhatsApp. Anawauza kuti limatsuka m'matumbo ndi kusungunula mafuta. Mwana anali atamwa kwa masabata 5, kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse. Mtengo wa botololo unkaposa ndalama zimene banjali limagulira ndiwo sabata yathunthu.

Mbiri yake

Anabadwa bwinobwino, wolemera makilogalamu 3.1, ndipo anayamwa chaka ndi theka. Buku lake la kuchipatala linkaonetsa kuti kusikelo ankayenda bwino pa mzere wake. Thupi linayamba kuchuluka ali ndi zaka 7, banja litasamukira pafupi ndi msewu, mayi atayamba geni imene imawatulutsa m'bandakucha ndi kuwabweza usiku. Masana mwanayo amakhala ndi agogo ake aakazi, amene ali ndi matenda a shuga ndi othamanga magazi.

Ndinamufunsa mwiniwakeyo zimene anadya dzulo lake, ndipo apa m'pamene anayamba kulankhula. M'mawa tiyi wa masupuni 4 a shuga ndi buledi woyera wopaka majarini. Kusukulu mandasi awiri, fizi ndi kapaketi ka tokhukhuluza tamchere. Poweruka tchipisi cha pachiwaya. Kunyumba nsima ya ufa woyera ndi soseji, madzulo nsima ina ndi nkhuku. Masamba anali pambale koma anawasiya. Nyemba amati zimamutupitsa mimba. Chipatso anali atadya sabata yapitayo. Kusukulu amapita pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo akaweruka amakhala pa TV kapena pa foni ya agogo mpaka mdima.

Chinanso chimene ndinaona m'bukumo ndi maantibayotiki. M'zaka ziwiri zokha analembedwa kanayi, ndipo mayi anavomera kuti chimfine chikangoyamba amakagula amoxicillin kapena bakitirimu pa okala osadikira kuchipatala. Chimfine chambiri chimayamba ndi mavairasi, amene mankhwalawa sawakhudza n'komwe, koma mabakiteriya a m'matumbo amawapha ndithu, abwino ndi oipa omwe.

Zimene tinapeza

Msinkhu masentimita 141, kulemera makilogalamu 48, BMI (muyezo woyerekeza kulemera ndi msinkhu) 24.1. Pa tchati cha WHO cha mu 2007 cha ana a zaka 5 mpaka 19, mtsikana wa zaka 10 amayamba kuwerengedwa wolemera mopitirira BMI ikadutsa 19.0, ndipo wonenepa kwambiri ikadutsa 22.6. Iye anali atadutsa mizere yonse iwiri. Chiuno chinali masentimita 78. Magazi ankathamanga bwino malinga ndi msinkhu wake. Shuga wa m'magazi asanadye kanthu anali 5.3, wosafika pa 5.6 pamene timayamba kuda nkhawa, koma wosatalikirana napo. HIV analibe. Pamimba mofewa, kumanzere m'munsi kukumveka chimbudzi chouma.

Khosi lija silinali litsiro. Khungu linali lakuda, lokhuthala, losalala ngati veleveti, ndipo linalinso chimodzimodzi m'khwapa. Ife timalitcha acanthosis nigricans, ndipo kawirikawiri limasonyeza kuti thupi layamba kusamvera insulini, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi. Nditawafotokozera, mayiwo anatembenukira mwana wawo n'kumugwira dzanja. Anali atamukalipira miyezi yambiri kuti sasamba mokwanira. Mwa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, ndikuona kuti kuchotsa mlandu umenewu pa mwanayo ndiko kunali kofunika kwambiri.

Botolo lija

Pa pepala la botololo panalembedwa kuti ndi synbiotic, muli mabakiteriya otchedwa Lactobacillus ndi Bifidobacterium, komanso inulin pang'ono, wosakwana galamu imodzi pa kapisozi. Mawuwa amasokoneza anthu ambiri, ngakhale azaumoyo anzanga. Probiotic ndi tizilombo tamoyo timene, munthu akatimwa tokwanira, timapindulitsa thupi. Tanthauzo limeneli linakhazikitsidwa ndi akatswiri a FAO ndi WHO mu 2001. Prebiotic ndi chakudya cha tizilombo tabwinoto, monga inulin, chimene mimba yathu siigaya koma iwo amachidya m'matumbo aakulu. Mawuwa anawayambitsa Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid mu 1995. Synbiotic ndi ziwirizi zitaikidwa pamodzi, mbewu ndi manyowa ake.

Wogulitsa uja sanapeke zonse. Maganizo akuti mabakiteriya a m'matumbo ali ndi gawo pa kunenepa ali ndi maziko. Mu 2006 gulu la Jeffrey Gordon ku Washington University, mu mzinda wa St. Louis, linaonetsa kuti mbewa zopanda tizilombo m'matumbo zikapatsidwa tizilombo ta mbewa zonenepa zimasunga mafuta ambiri kuposa zimene zapatsidwa ta mbewa zowonda. Mu 2013 anabwereza ndi tizilombo ta anthu, mapasa amene mmodzi anali wonenepa wina wowonda, ndipo mbewa zinatsata mwini tizilomboto. Koma mu kafukufuku yemweyo munali mfundo imene otsatsa malonda saitchula: tizilombo ta wowonda tinkapambana ta wonenepa pokhapokha mbewazo zikamadya chakudya cha masamba ndi zipatso zambiri, cha mafuta ochepa. Pa chakudya cha mafuta ambiri sitinkakhazikika.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo kwa ife, chifukwa ana athu ali m'kati mwake. Chaka chomwecho cha 2013 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa mapeyala 317 a mapasa a kuno kwathu, amene anaonetsa kuti tizilombo ta m'matumbo a mwana wotupikana, tikaikidwa mu mbewa zodya chakudya chofanana ndi cha kumudzi kwathu, mbewazo zimawonda kwambiri. Ndipo kuno ku Blantyre komwe, pa wodi ya Moyo ku Queen Elizabeth Central Hospital, Marko Kerac ndi anzake anayesa synbiotic pa ana 795 onyentchera kwambiri, poiika m'chiponde. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2009: ana amene analandira synbiotic sanachire kuposa amene sanalandire. Amenewo anali ana onyentchera, osati onenepa, koma phunziro lake limandithandiza tsiku ndi tsiku. Chinthu chikhoza kumveka chanzeru kwambiri pa pepala, n'kusachita kanthu pa mwana weniweni.

Pa ana onenepa, zimene zapezeka n'zosakanikirana. Ku Denmark achinyamata 50 onenepa anatenga nawo mbali pa kafukufuku wa Lactobacillus salivarius Ls-33 kwa masabata 12. Kuchuluka kwa magulu ena a mabakiteriya m'chimbudzi kunasintha pang'ono, koma kulemera, shuga ndi mafuta a m'magazi sizinasunthe. Ku Rome mu 2014, ana onenepa okhala ndi mafuta m'chiwindi amene anamwa msakanizo wa ma probiotic wotchedwa VSL#3 kwa miyezi 4 chiwindi chawo chinayamba kuoneka bwino ndipo BMI inatsika. Msakanizo womwewo utayesedwa pa achinyamata ochepa ku Los Angeles, mu 2018 zinapezeka kuti amene anaumwa mafuta a m'thupi anawonjezekera. Mankhwala amodzi, mizinda iwiri, mayankho otsutsana.

Kafukufuku amene ndimamuganizira kwambiri ndi wa ku Calgary, ku Canada, wa gulu la Raylene Reimer, wa mu 2017. Iwo sanapereke tizilombo ayi, anapereka chakudya cha tizilombo chokha: magalamu 8 a inulin tsiku lililonse kwa masabata 16, kwa ana onenepa a zaka 7 mpaka 12. Bifidobacterium anachuluka, ndipo mafuta a m'thupi anatsika pang'ono poyerekeza ndi ana amene sanalandire. Anali ana 42 okha, ndipo kusinthako kunali kochepa, koma taonani muyezo wake. Magalamu 8. Kapisozi wa m'botolo la mtsikana wathu analibe ngakhale galamu imodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mabakiteriya a m'matumbo aakulu amadya faiba, zinthu za m'gaga, m'nyemba, m'masamba ndi m'zipatso zimene ife sitigaya. Akazidya amatulutsa timaasidi totchedwa acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate amadyetsa khoma la matumbo, ndipo timaasiditi timathandizanso kudzutsa mahomoni amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta. Tizilombo ta m'kapisozi nthawi zambiri sitikhazikika. Munthu akasiya kumwa, pakapita masiku kapena masabata ochepa timatha. Ndi alendo odutsa. Eni mudzi ndi amene alimo kale, ndipo amachuluka kapena kuchepa malinga ndi chimene chikutsika kuchokera pambale. Kafukufuku wa mu 2010 woyerekeza ana a kumudzi ku Burkina Faso ndi ana a ku Florence ku Italy anapeza kuti ana a ku Burkina Faso, odya mapira, nyemba ndi masamba, anali ndi mabakiteriya ambiri otchedwa Prevotella ndi timaasidi timeneti tochuluka. Chakudya cha ana amenewo n'chofanana kwambiri ndi chimene agogo a mtsikana wathu anakulira.

Palinso nkhani ya kutentha. Tizilomboti timayenera kufika m'matumbo tili tamoyo, ndipo mitundu yambiri imafa msanga pamalo otentha ndi a chinyontho. Botolo ili linali litayenda m'chikwama cha wogulitsa, kenaka n'kukhala pawindo la kukhitchini mwezi wa Okutobala.

Zimene tinagwirizana

Sindinawalande botolo, ndipo sindinawadzudzule. Mayi amene wadzimana ndiwo kuti agulire mwana wake mankhwala ndi mayi amene akufuna thandizo. Popeza mwanayo chitetezo chake cha m'thupi chinali bwino, ndinati akhoza kumaliza makapisozi otsalawo, koma asagulenso. Akadakhala mwana wa chitetezo chofooka kwambiri, wolandira mankhwala a khansa, kapena khanda lobadwa masiku asanakwane, ndikadaletsa pomwepo, chifukwa mwa oterowo tizilombo ta probiotic tikhoza kulowa m'magazi n'kudwalitsa.

Cholinga sichinali choti awonde msanga. Mwana wa zaka 10 akadakula, choncho tinafuna kuti sikelo iime pamene msinkhu ukukwera. Tinayamba ndi zinthu zochepa. Shuga wa mu tiyi atsike kuchoka pa masupuni 4 kufika pa imodzi, pang'onopang'ono m'mwezi umodzi. Mafizi ndi zakumwa zotsekemera zikhale za pa Sabata pokha, masiku ena madzi. WHO imalangiza kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku, ndipo iye tiyi ndi fizi zokha zinkamufikitsa pafupi pamenepo dzuwa lisanafike pamutu. Ndalama ya kusukulu isanduke kamba wonyamula: nthochi, mbatata yophika, chimanga chophika, mtedza pang'ono. Ufa tinayamba n'kusakaniza woyera ndi mgaiwa theka ndi theka. Nyemba, nandolo kapena khobwe katatu pa sabata, kuyamba ndi masupuni awiri okha n'kumawonjezera, zoviikidwa usiku, kuti mimba izolowere. Kapu imodzi ya nyemba zophika imakhala ndi faiba woposa magalamu 10. Masamba pa nsima iliyonse, anyezi ndi adyo mu ndiwo chifukwa muli inulin wachilengedwe. Pochokera kusukulu aziyenda wapansi ndi mnzake woyandikana naye nyumba, ndipo madzulo azisewera fulaye kapena jingo, kuti afikeko pa mphindi 60 zimene WHO imalimbikitsa tsiku lililonse. Pa kudzimbidwa tinamupatsa lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi, kwa masabata awiri ndi chizolowezi chokhala kuchimbudzi akangodya m'mawa. Maantibayotiki apa okala tinagwirizana kuti atha.

Mayi anafunsa za thobwa ndi chambiko, ngati si ma probiotic athu achikuda. Funso labwino. Zonse ziwiri zimasasa chifukwa cha mabakiteriya a mtundu wa lactic acid, abale ake a amene ali m'kapisozi. Kunena mosamala, sitizitcha probiotic chifukwa mtundu ndi kuchuluka kwa tizilomboto kumasiyana mphika ndi mphika. Komabe chambiko chopanda shuga ndinachivomereza ndi mtima wonse, kapu imodzi pa tsiku ngati ndalama ilipo. Thobwa la m'mabotolo la pamsewu nthawi zambiri amalithira shuga wambiri, choncho ndinati likhale lophika pakhomo, chimera chokha chitsekemeretse.

Agogo

Patapita mwezi umodzi anabweranso, sikelo itakwera kufika pa 48.9. Kudzimbidwa kunali kutachepa, koma zina zonse zinali monga kale. Mtsikanayo ananong'ona kuti agogo amamupatsa ndalama ya tchipisi mobisa, ndipo mgaiwa anaukana kuti ndi ufa wa nthawi ya njala. Cholakwa chinali changa. Ndinapangana ndi munthu amene saphika masana.

Ndinapempha kuti agogowo abwere. Anabwera atavala chilundu chatsopano, nkhope ili gwa.

"Mwanangu, ine ndinaika ana awiri m'manda chifukwa chowonda. Lero mukundiuza kuti mdzukulu wanga wanenepa, ndiye ndi matenda?"

Ndinakhala chete kanthawi. Mawu amenewa si a umbuli. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, pamene onenepa mopitirira ndi 5 okha mwa 100, munthu wamkulu akaona masaya a mwana amaona chitetezo. Sindinatchule BMI. Ndinawafunsa za shuga wawo, za mapazi amene amachita dzanzi, za mzere wa mankhwala mwezi ndi mwezi. Kenaka ndinawaonetsa khosi la mdzukulu wawo n'kuwauza kuti ichi ndi chizindikiro chakuti thupi layamba ulendo womwewo, koma pa msinkhu uwu likhoza kubwerera. Ndinawafunsanso zimene ankadya ali mtsikana kwawo ku Thyolo. Nkhope inamasuka. Anatchula nandolo, kalongonda, chisoso, bonongwe wotendera, futali, magwafa othyola okha panjira.

"Agogo, zimenezo ndi zimene ndikupempha. Palibe m'nyumbamo amene amaziphika kuposa inu."

Anaseka pang'ono n'kunena kuti aona. Kuyambira pamenepo mphika unali m'manja mwawo, ndipo zimene ankaphikira mdzukulu ankadya nawonso.

Mmene zinayendera

Pa miyezi itatu analemera 48.4, ndipo kuchimbudzi ankapita pafupifupi tsiku lililonse popanda lactulose. Masabata awiri oyamba a nyemba mimba inkatupa ndi mpweya, kenaka zinasiya, monga zimakhalira tizilombo tikazolowera chakudya chatsopano. Makapisozi anali atatha kale mu Novembala, ndipo palibe chimene chinabwerera m'mbuyo atatha. Pa Khirisimasi anadya monga mwana aliyense, ndipo sindinaone vuto pamenepo.

Mu Epulo, patatha miyezi 6, msinkhu unali masentimita 144, kulemera makilogalamu 48.5, BMI 23.4, chiuno masentimita 74, shuga asanadye 4.9. Akadali pamwamba pang'ono pa mzere wa kunenepa kwambiri wa msinkhu wake. Khosi layamba kuwala m'mbali, ngakhale kumbuyo kukadali kwakuda. Chimbudzi chake sitinachipime kuti tione mitundu ya mabakiteriya, chifukwa kupima kotero kumachitika m'malabu a kafukufuku, osati pa chipatala ngati chathu. Choncho chimene lipotili likuonetsa ndi thupi, chimbudzi ndi mbale, ndipo n'zosatheka kulekanitsa gawo la faiba, la shuga wochepa ndi la kuyenda wapansi, pakuti zonse zinayamba pamodzi. Chimene chikuoneka poyera n'chakuti m'masabata amene ankamwa synbiotic yekha, chakudya chili chomwecho, kudzimbidwa ndi khosi zinali chimodzimodzi, ndipo mayi ankaona yunifolomu ikuthinabe.

Kwa anzanga a m'zipatala, pempho langa ndi loti tizifunsa makolo zimene agula kale, chifukwa ambiri sanena okha, ndipo tiziyang'ana khosi ndi m'khwapa mwa mwana aliyense wolemera mopitirira. Tizifunsanso kuti amaphika masana ndani, funso limene ine ndinalifunsa mochedwa ndi mwezi wathunthu.

Tsiku lomaliza kumuona analowa yekha patsogolo, mayi ndi agogo ali m'mbuyo, n'kundiuza kuti walowa timu ya netibo ya kalasi yake ndipo amamuika kumbuyo kotchinga. Tamulembera kuti abwerenso mu Julayi. Tidzamuyezanso msinkhu, sikelo, chiuno ndi shuga, ndipo ngati khosi silidzapitiriza kuwala tidzamutumiza kukapimitsa chiwindi ndi HbA1c (muyezo wa shuga wa m'magazi wa miyezi ingapo yapitayo) ku chipatala chachikulu.